Ulemu kwa osamala zokolola pa Likoma ndi Chizumulu

Pa Likoma ndi Chizumulu, matimati akaola palibe msika wina wothamangirako. Zilumba ziwirizi, zomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti kumakhala anthu oposa 14,000, nthaka yake ndi yamchenga ndi miyala, ndipo malo olima ndi ochepa. Chimanga, kabichi, anyezi ndi matimati ambiri zimachita kuwoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay kapena kugombe la Mozambique. N'chifukwa chake tikuti tiyamikire anthu amene satchulidwa kawirikawiri: amayi ageni, onyamula katundu padoko, ndi mabanja amene amadziwa kusunga chimene akolola.

Taonani mayi wageni akupikula matimati ku Nkhata Bay. Ofiira psuu sawayang'ana n'komwe. Amafuna amene angoyamba kupsa, kuti akapsere kutsidya. Pansi pa dengu amayala udzu wouma, olimba amawaika pansi, ofewerako pamwamba, ndipo ong'aluka amawapatula kuti asaoletse anzawo. Akakwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, amasakira dengu lake kangodya kamthunzi, ndipo salola munthu kusanjikapo thumba la chimanga. Mwera ukakula ulendo n'kuchedwa, luso limeneli ndi limene limapulumutsa mpamba wake komanso ndiwo za makomo ambiri.

Kumudzi nako nzeru zilipo. Chinangwa chikazulidwa sichitha masiku atatu chisanayambe kuda mkati, choncho alimi amachisiya m'nthaka n'kumazula chokwanira basi. Chimene azula amachisenda, kuchiviika m'madzi, kuchiyanika mpaka chiume gwa, kenako n'kusinja ufa wa kondowole umene umasungika nthawi yaitali. Masamba a maungu ndi a khobwe akachuluka m'dzinja, amayi amawafutsa, ndipo mfutsowo umadzathandiza m'chilimwe ndiwo zikamasowa. Ena amaziona ngati zachikale, koma njirazi sizilira magetsi kapena ndalama, ndipo zadyetsa anthu a pazilumbazi mibadwo yambiri.

Vuto limene anthuwa akulimbana nalo ndi la dziko lonse lapansi. Lipoti la bungwe la FAO la 2019 lidasonyeza kuti pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a chakudya amawonongeka pakati pa munda ndi msika, ndipo zipatso ndi masamba zili m'gulu la zimene zimawonongeka kwambiri. Bungwe la United Nations lidapatula tsiku la 29 Seputembala kuti anthu azikumbukira nkhaniyi chaka ndi chaka. Koma pachilumba kutaya kumapweteka kawiri, chifukwa dengu limene laola lidalipiridwa kale mtengo wa sitima ndi wa onyamula, ndipo lina lolowa m'malo mwake lidikira ulendo wotsatira. Wogula ndiye amadzalipira zonsezo pamtengo wa mulu.

Kuyamikira kwathu sikukutanthauza kuti zonse zili bwino. Mango akapsa m'Disembala, ambiri amaolera pansi pa mitengo, pamene miyezi ingapo kutsogolo ana amasowa chipatso. Madengu ndi matumba amafinyabe masamba ndi matimati m'njira. Luso la amayi lili ndi malire ake dzuwa likaswa mtengo.

Apa mpamene boma ndi khonsolo ya Likoma angaikepo dzanja. Magetsi a dzuwa amene kampani ya EGENCO idaika pazilumbazi atsegula mwayi woti pamsika pakhale chipinda chozizira chimene ageni angasungiremo katundu polipira kangachepe. Pamadoko pakufunika mashedi kuti zokolola zisamadikire sitima padzuwa. Makreti apulasitiki, amene amasanjikizana osafinya zamkati, atha kumabwerekedwa kudzera m'magulu a amayi. Alangizi azaulimi nawonso aphunzitse kuyanika mango mwaukhondo, kuti chipatso cha mwezi umodzi chizidyedwa chaka chonse.

Timakonda kutama mlimi amene wakolola zochuluka, ndipo n'zoyenera. Koma amene wateteza dengu la matimati kuti lisaole wadyetsa anthu mofanana ndi amene adalilima. Amayi ndi abambo a pa Likoma ndi Chizumulu akuchita kale mbali yawo ndi zochepa zimene ali nazo. Tikuwathokoza, ndipo tikupempha kuti polemba bajeti ya chitukuko cha zilumbazi, mashedi, makreti ndi chipinda chozizira zilowemo.