Tisayembekezele laputopu, sikilini yakuda ili kale m'thumba

Pitani pa Katondo Street tsiku la Ciwelu m'mawa mukamvele zimene ise acinyamata timafunsa pogula foni. Kamela yake ni yamphamvu bwanji? Batili ikhala maola angati? Palibe amene amafunsa ngati foniyo ingamuphunzitse nchito. Ndipo nkhani ya kuphunzila makompyuta ikabwela, yankho yathu ni imodzi cabe: "Nikapeza laputopu nizayamba." Caka cimasila, laputopu siibwela, ndalama yapita ku lendi na ma bundle.

Ise tikuti kuyembekeza kumeneku n'kudzinamiza. Cida cimene akatswili a makompyuta amasewenzetsa tsiku lililonse n'caulele, n'cacing'ono, ndipo cimakwana mu foni ya Android imene muli nayo manje. Dzina lake ni shell.

Shell ni pulogilamu imene imakulolani kulamula kompyuta mwa kulemba mau m'malo modina tuzithunzi. Mukalemba ls, ikuonetsani mafaelo ali pamene muli. Mukalemba cd, mwasamukila mu foda ina. Mukalemba mkdir, mwapanga foda yatsopano. Ni sikilini yakuda ija timaona m'mafilimu n'kuganiza kuti ni ya akawalala a pa intaneti. Zoona zake n'zakuti ni khasu cabe, ndipo khasu siliopsa munthu wofuna kulima.

Shell yodziwika kwambili ni Bash. Anailemba ni Brian Fox wa gulu la GNU, ndipo inatuluka mu 1989 kuti iloŵe m'malo mwa shell ya Stephen Bourne ya mu 1979, imene inali ya kampani. Kwa zaka zambili tsopano, amene amaisamalila ni Chet Ramey. Cacikulu pa Bash ni laisensi yake, GPL. Imalola aliyense kutenga pulogilamuyo, kuŵelenga mmene inalembedwela, kuisintha na kuigaŵila ena. Si cimodzimodzi na mapulogilamu akuba amene timaikitsa m'tauni, amene pambuyo pa mwezi amayamba kulila kuti laisensi yasila, kapena amabwela na ma virus. Iyi mukapatsa mnzanu pa flash, simunabe ciliconse.

Ufulu umenewu ndiye unacititsa kuti Bash ifike pa foni zathu. Pulogilamu yolembedwela makina amodzi siimangoyenda pa ena. Laputopu zambili zili na purosesa ya Intel kapena AMD, pamene foni zili na ya ARM, ndipo iliyonse imamva cinenelo cake. Pamafunika munthu wotenga zolemba za pulogilamuyo, kukonza pamene sipagwilizana, n'kuimanganso kuti iyende pa makina atsopano. Ni zimene Fredrik Fornwall anacita poyambitsa Termux, imene imabweletsa Bash pa Android. Sanafunike kupempha cilolezo kwa aliyense.

Onani tanthauzo lake kuno ku Lusaka. Mwana wa ku Kabulonga ali na MacBook. Mkati mwake muli zsh, mbale wake wa Bash, imene Apple inaika patsogolo mu 2019. Wa ku Woodlands ali na laputopu ya Windows ya amake. Angaikemo Git Bash kapena WSL. Wa ku Kabwata anatola kompyuta yakale ku ofesi ya amalume ake n'kuikamo Ubuntu, imene imabwela na Bash kale. Wa ku Chelstone ali na foni cabe. Atenga Termux pa F-Droid kapena GitHub, kumene eni ake amalangiza. Onse anayi akalemba ls, yankho ni imodzi. M'tauni muno, mmene adilesi yako imakambilatu sukulu imene uzapitako, n'zocepa zinthu zimene zimatilinganiza conco.

Ndiponso shell imagwilizana na umoyo wathu. Mukaiika, kuphunzila sikufuna bundle. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili pa tsiku, ndipo kompyuta za pa tebulo zinangokhala zokongoletsa nyumba. Foni yochajidwa kamodzi inali kukwanitsa phunzilo lonse, ngakhale mu basi ya pa Great East Road pamene magalimoto aima.

Ena azafunsa kuti, kodi izi zidyetsa munthu? Osati mailo. Koma ganizilani wojambula zithunzi pa ukwati amene wabwela na zithunzi 400 zofuna maina atsopano. Mizele itatu ya Bash imasiliza nchito imene ikanamudyela usiku wonse. Ganizilani mtsikana wooda zovala ku Kamwala amene amalemba maoda mu faelo imodzi; akalemba grep Kabwata maoda.txt, makasitomala onse a ku Kabwata aonekela pamodzi. Kuposa apo, ma seva ambili amene amanyamula mawebusaiti pa dziko lonse amayenda pa Linux, ndipo khomo loloŵela mu seva ni shell. Setifiketi ya Word na Excel siizakutsegulilani khomo limenelo.

Tisabise zovuta zake. Malamulo ake ali m'Cizungu cofupikitsidwa. Kulemba pa kiyibodi ya foni kumalemetsa zala. Shell siifunsa kaŵili: mukalemba rm, faelo yapita, kulibe kabini kokaitolamo. Conco osakopela lamulo lililonse limene mwaona pa WhatsApp musanamvetse zimene licita. Ndipo pulogilamu yaulele nayo imalakwika. Mu September 2014 kunapezeka cibowo cacikulu mu Bash, cochedwa Shellshock, cimene cinakhalamo zaka zoposa 20. Koma popeza zolemba zake zili poyela, anthu anacikonza m'masiku ocepa, ndipo phunzilo lake kwa ise n'lakuti tiziika ma update.

Dziko lino si mlendo pa nkhani izi. Mu 1994, kupitila mu ZAMNET ya pa UNZA, Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. BongoHive yakhala ikusonkhanitsa okonda zamakompyuta mu Lusaka kuyambila 2011. Njila ilipo kale, cimene casoŵa ni mapazi athu.

Conco wiki ino, pa bundle imene mukanaonela mavidiyo, patulani pang'ono muike Termux. Phunzilani malamulo asanu: ls, cd, mkdir, cp na grep. Mukawadziŵa, phunzitsani mng'ono wanu m'Cinyanja, na zitsanzo za pa nyumba panu. Laputopu ikazabwela, izapeza zala zanu zidziŵa kale nchito.