Mwini wa zolemba pa intaneti ndi amene ali ndi dzina komanso kope

Munthu amene akufuna kuti zolemba zake ziziwerengedwa pa intaneti, kaya ndi mphunzitsi wofuna kugawana ndi ena zimene amaphunzitsa, mlangizi wa zaulimi, mtolankhani woima payekha kapena mlakatuli, amayenera kusankha kumene zolembazo zizikhala asadalembe ndi chiganizo choyamba chomwe. Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kutsegula akaunti yaulere ku kampani monga Blogger, WordPress.com kapena Medium, kumene zonse zidakonzedwa kale ndipo munthu amangofika ndi kuyamba kulemba. Yachiwiri ndi kugula dzina la webusaiti, kuchita lendi malo pa seva, ndi kuikamo yekha pulogalamu yoyendetsera zolembazo. Anthu ambiri amaitenga nkhaniyi ngati ya ndalama basi, koma zimene zachitika m'zaka 25 zapitazi zikusonyeza kuti chachikulu ndi umwini wa zinthu ziwiri: adiresi imene owerenga amapezera mlembi, ndi kope la zonse zimene iye adalemba.

Kuti mfundoyi imveke, m'pofunika kulekanitsa zinthu zitatu zimene zimapanga webusaiti iliyonse. Choyamba ndi seva, imene ndi kompyuta yosazimitsidwa usana ndi usiku, yosunga mawu ndi zithunzi ndi kuzitumiza kwa aliyense wozifuna, ndipo ntchito yobwereketsa malo pa kompyuta yotereyi imatchedwa hosting. Chachiwiri ndi domain, kutanthauza dzina limene munthu amalemba pa foni kapena pa kompyuta kuti afike pa webusaitiyo, lomwe limathera ndi zilembo monga .com, .org, kapena .mw ngati lili la ku Malawi ndi .zm ngati lili la ku Zambia. Chachitatu ndi pulogalamu imene imalandira zolemba, kuzisanja potsata masiku ndi mitu, ndi kuziyala bwino pamaso pa owerenga. Pa malo aulere zitatu zonsezi zimakhala m'manja mwa kampani imodzi, pamene munthu wodziimira payekha amatha kupeza chilichonse kwa wogulitsa wosiyana ndi kusintha chimodzi popanda kukhudza zinazo.

Njira ziwirizi zidakulira limodzi. Blogger idayamba mu 1999 pansi pa kampani yaing'ono ya Pyra Labs ku San Francisco, ndipo Google idaigula mu 2003. M'chaka chomwecho Matt Mullenweg ndi Mike Little adatulutsa WordPress, pulogalamu imene aliyense amaloledwa kuitenga kwaulere, kuisintha ndi kuiika pa seva imene akufuna, ndipo lero imayendetsa mawebusaiti oposa 40 mwa 100 alionse padziko lonse. Pali chisokonezo chimene chasocheretsa anthu ambiri oyamba kumene, chifukwa dzina la WordPress limaimira zinthu ziwiri: pulogalamu yeniyeniyo imapezeka pa WordPress.org, pamene WordPress.com ndi bizinesi ya kampani ya Automattic, yomwe idakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imasungira anthu zolemba zawo pa maseva ake, ena kwaulere, ena molipira.

Ubwino wa malo aulere ndi weniweni ndipo suyenera kunyozedwa. Munthu wokhala ndi foni ndi imelo akhoza kuyamba kufalitsa zolemba zake tsiku lomwelo popanda kulipira kanthu kupatula bandulo ya intaneti, ndipo ntchito yovuta yoteteza seva kwa akuba, kukonza zowonongeka ndi kulandira owerenga ochuluka pa nthawi imodzi imagwiridwa ndi akatswiri a kampaniyo. Palinso phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri, loti zolemba za pa malo aulere sizifa chifukwa choti mlembi wasowa ndalama mwezi wina, kotero kuti masamba ambiri amene adalembedwa pa Blogger zaka 15 zapitazo akuwerengekabe ngakhale eni ake adasiya kulemba kalekale.

Komabe kampani imene salipidwa ndi mlembi imapeza phindu lake m'njira zina, ndipo mlembiyo amalipira ndi ufulu wake. Pa WordPress.com yaulere kampani imaika zotsatsa malonda pambali pa zolemba, ndipo mlembi alibe mphamvu yosankha zimene zikutsatsidwazo. Adiresi yake imakhala mphukira chabe ya dzina la kampani, yothera ndi wordpress.com, kapena blogspot.com ngati ali pa Blogger. Malamulo a zimene zingalembedwe amakhazikitsidwa ndi kusinthidwa ndi eni malowo, monga zidachitikira pa malo ena aulere otchedwa Tumblr mu December 2018, pamene kampaniyo idaletsa zithunzi zolaula ndipo makina ake osefera adagwira molakwika ngakhale zojambula zimene zidalibe vuto. Nayo Google idayamba mu December 2023 kutsata lamulo loti akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zimene zili m'menemo.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kutsekedwa kwa malo enieniwo. GeoCities, imene idayamba mu 1994 ndipo idapatsa anthu mamiliyoni mpata woyamba wokhala ndi tsamba lawolawo, idagulidwa ndi Yahoo mu 1999 ndi kutsekedwa mu October 2009, moti zimene zidapulumuka zidapulumuka chifukwa cha anthu odzipereka amene adathamangira kukopera masambawo tsiku lotsekera lisadafike. Posterous, imene idalinso malo aulere olemberapo, idagulidwa ndi Twitter mu 2012 ndipo idatsekedwa pa 30 April 2013. Mu 2019 Myspace idavomera kuti idataya nyimbo zimene anthu adaikapo kwa zaka pafupifupi 12, pamene inkasamutsa zinthu kupita pa maseva ena. M'zochitika zonsezi eni zolemba ndi nyimbo sadalakwe kanthu. Adangodalira kampani imene zolinga zake zidasintha kapena imene idachita ngozi.

Kulipira pakokha sikuchotsa vutoli, ndipo umboni wake ukukhudza Malawi mwachindunji. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali mnyamata wa zaka 14, adadziwika kunja nkhani yake itatuluka mu nyuzipepala ya Daily Times mu 2006 ndi kufalitsidwanso ndi anthu olemba pa intaneti, mpaka adaitanidwa kukayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Pambuyo pake iye adayamba kulemba za ntchito yake pa Typepad, malo amene anthu ankalipira mwezi ndi mwezi, ndipo adiresi ya tsamba lakelo inkathera ndi typepad.com. Mu August 2025 Typepad idalengeza kuti itseka pa 30 September chaka chomwecho, ndipo anthu amene adasunga zolemba zawo kumeneko, ena kwa zaka zoposa 20, adapatsidwa pafupifupi mwezi umodzi kuti azitulutse. Aliyense amene adiresi yake inkathera ndi dzina la kampaniyo adataya adiresiyo pa tsikulo, ngakhale adapulumutsa mawu ake onse, ndipo masamba ena onse amene ankalozera kumeneko adasanduka njira zopita kopanda kanthu.

Kuimika webusaiti payekha kumathetsa mavuto ambiri mwa amenewa, chifukwa mlembi amasankha yekha maonekedwe a tsamba, amasankha ngati akufuna zotsatsa malonda kapena ayi, ndipo ngati kampani ya hosting yakweza mtengo kapena yayamba kugwira ntchito mwachinyengo, iye amanyamula katundu wake ndi kupita kwina dzina lili lomwelo. Koma ufulu umenewu uli ndi mtengo umene subwera kamodzi kokha. Dzina lothera ndi .com limalipiridwa chaka ndi chaka, kawirikawiri pakati pa madola 10 ndi 20 a ku America, ndipo malo pa seva amafuna madola angapo mwezi uliwonse. Makampani ambiri amakopa anthu ndi mtengo wotsika wa chaka choyamba, kenako n'kukweza pa nthawi yolipiranso, choncho munthu wanzeru amayang'ana mtengo wa chaka chachiwiri asadalipire cha choyamba.

Kwa munthu wolandira kwacha, ndalama zimenezi zimalemera mosiyana ndi mmene zimaonekera pa pepala. Mphamvu ya kwacha ya Malawi idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, zomwe zikutanthauza kuti bilu ya seva idakwera mu kwacha ngakhale kampani yakunjayo sidawonjezere ndi senti yomwe. Kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsanso kuti khadi la kubanki likanidwe pa tsiku limene malipiro akufunika. Alipo makampani a ku Malawi amene amagulitsa mayina ndi malo pa seva ndipo amalandira kwacha, ndipo amenewa amachepetsa vutoli, koma wogula ayenera kuonetsetsa kuti dzinalo lalembetsedwa m'dzina lake ndi imelo yake, osati m'dzina la kampani kapena la mnyamata amene adamuthandiza kupanga webusaitiyo. Dzina likapanda kulipiridwa, pakapita masabata ochepa limabwerera pamsika, ndipo munthu wina aliyense akhoza kuligula ndi kuikapo zimene akufuna.

Mtolo wina ndi chitetezo. Pulogalamu ya WordPress imawonjezeredwa mphamvu ndi timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa plugin, tomwe timathandiza zinthu monga kulandira mauthenga a owerenga kapena kugulitsa mabuku, ndipo akuba a pa intaneti amalowa kwambiri kudzera mu timapulogalamu timeneti tikakhala takale. Mwini webusaiti ayenera kumaika zatsopano zikangotuluka, kuchotsa zimene sakuzigwiritsa ntchito ndi kusankha mawu achinsinsi ovuta kuwalota, apo ayi tsiku lina adzapeza tsamba lake likutsatsa njuga kapena mankhwala abodza. Seva yolipira nayonso ndi chinthu chokhoza kupsa: pa 10 March 2021 moto udawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg m'dziko la France, mawebusaiti mamiliyoni adasiya kuoneka, ndipo makasitomala ena amene makope awo ankasungidwa pamalo omwewo adataya zonse. Ndiye kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, kaya munthu ali pa malo aulere kapena olipira.

Zochitika zonsezi zikulozera ku mfundo imodzi, yoti chisankho chachikulu sichili pakati pa kulipira ndi kusalipira, koma pa kugwira zinthu ziwiri zija. Dzina la webusaiti lili ngati nambala ya foni imene achibale ndi makasitomala adaisunga kale: munthu akhoza kusintha foni kangapo konse popanda kutaya anthu ake, koma akataya nambala amayambiranso kudzidziwitsa kwa aliyense. Mwayi ulipo woti Blogger imalola munthu kulumikiza dzina limene adagula yekha popanda malipiro ena, pamene WordPress.com imalola zimenezi kwa amene akulipira. Motero mlembi wa ndalama zochepa akhoza kulipira dzina lokha kamodzi pachaka, n'kusiya ntchito ya seva m'manja mwa kampani yaikulu, ndipo tsiku limene kampaniyo idzatseke kapena kusintha malamulo, iye adzangoloza dzina lakelo ku seva ina owerenga osazindikira n'komwe kuti pasintha kanthu.

Kope ndilo losavuta kuposa zonse, komabe ndi limene anthu amalinyalanyaza kwambiri. WordPress ili ndi njira yotulutsira zolemba zonse mu fayilo imodzi imene ikhoza kulowetsedwa pa webusaiti ina, ndipo za pa Blogger zimatha kutengedwa kudzera mu Google Takeout. Zithunzi zimafuna kusungidwa pazokha, chifukwa fayilo ya WordPress ija imanyamula mawu ndi maadiresi a zithunzi koma osati zithunzi zenizenizo. Kope labwino ndi limene limatengedwa mwezi uliwonse ndi kusungidwa malo awiri osiyana, monga pa kompyuta ya kunyumba ndi pa fulashi yosungidwa kwina, ndipo nthawi ndi nthawi liyenera kutsegulidwa kuti zitsimikizike kuti likuwerengeka. Bungwe la Internet Archive, limene lidayamba mu 1996, limasunga masamba ambiri akale, koma silikopera onse, choncho si nzeru kulidalira m'malo mwa kope la mwini wake.

Potsata zimenezi, munthu woyamba kumene, amene sadadziwebe ngati adzapitiriza kulemba pakatha miyezi isanu ndi umodzi, achita bwino kuyambira pa malo aulere ndi kuika mphamvu zake pa kulemba, chifukwa webusaiti yokongola yopanda nkhani siithandiza aliyense. Amene waona kuti owerenga ayamba kumufunafuna agule dzina msanga, maadiresi akale asadafalikire m'malo ambiri, popeza kusamuka kumavuta kwambiri zolemba zikachuluka. Bungwe, nyuzipepala, mpingo kapena bizinesi imene mbiri yake ndi ndalama zake zimadalira webusaiti iyenera kudziimira payokha, koma pokhapokha itasankha munthu amene udindo wake ndi kulipira pa nthawi yake, kukonza pulogalamu ndi kutenga makope, ndipo mawu achinsinsi asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi yekha amene akhoza kusiya ntchito kapena kumwalira.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu olemba m'Chichewa ndi m'zinenero zina zimene zili ndi zolembedwa zochepa pa intaneti. Nkhani ya Chingerezi ikatayika, zimene inkanena zimapezeka m'malo ena ambiri, koma mbiri ya mudzi, maphikidwe a chakudya, malangizo a ulimi kapena ndakatulo zimene zidalembedwa m'Chichewa pa tsamba limodzi kawirikawiri sizikhala kwina kulikonse, ndipo kampani ya ku California ikamatseka maseva ake siwerengera kuti ndi chinenero chiti chimene chikuluza zambiri. Mlembi amene watha zaka akusonkhanitsa zinthu zotere ali ndi udindo kwa owerenga a lero ndi kwa ana amene adzazifune mtsogolo, ndipo udindowo umakwaniritsidwa ndi zinthu zimene angathe kuchita sabata ino: kulembetsa dzina m'dzina lake, kulemba pa kalendala tsiku lolipiranso, ndi kutenga kope loyamba la zonse zimene walemba.