Akasupe otentha a pansi pa nyanja ali pachiopsezo cha migodi

Bungwe la International Seabed Authority, lomwe likulu lake lili ku Kingston m'dziko la Jamaica, linalepheranso mu 2025 kumaliza malamulo okumbira miyala ya mtengo wapatali pansi pa nyanja zamchere. Komabe linapereka kale zilolezo zofufuzira miyala m'madera a akasupe otentha, momwe muli kopa, zinki ndi golide.

Akasupewa anapezeka koyamba mu 1977 pafupi ndi zilumba za Galápagos. Madzi a m'nyanja amalowa m'ming'alu ya thanthwe, n'kutuluka atatentha, pena kufika madigiri 400.

Chomwe okambirana sakuchilabadira mokwanira ndi ntchito yobisika ya madziwo. M'nyanja muli zotsalira za zamoyo zomwe zinasungunuka, ndipo zimasunga kaboni wokwana pafupifupi matani 660 biliyoni, wina kwa zaka zikwi zingapo. Kafukufuku wa Jeffrey Hawkes ndi anzake mu 2015 anasonyeza kuti kutentha kwa akasupewa kumaphwanya gawo lalikulu la zotsalira zouma mutuzi zikadutsamo. Chaka chomwecho kunadziwikanso kuti chitsulo chochokera m'akasupe a m'nyanja ya Pacific chimayenda makilomita oposa 4,000, ndipo akatswiri amati zotsalira za zamoyo zimathandiza kuti chisamire msanga. Tizomera ta m'nyanja timadalira chitsulo kuti tikule.

Ngakhale dziko lino lilibe gombe, linavomereza pangano la United Nations lokhudza nyanja mu 2010, choncho lili ndi mawu ku Kingston. Nthumwi zathu ziyenera kufunsa kuti makina okumba adzasokoneza bwanji kayendedwe ka zinthuzi chilolezo chokumba chisanaperekedwe.