Nyumba za m'masewero a pa kanema: zenizeni n'ziti?

Madzulo kukazizira ku Dedza, mabanja a pa boma, pa Chimbiya ndi pa Linthipe amaunjikana pa kanema kuonera masewero. Koma kodi nyumba zomwe amaonazo zikufanana ndi za ndani?

Sewero la Generations, lomwe lidayamba mu 1994 ku South Africa, lidazoloweza anthu Johannesburg wa maofesi owala ndi mipando ya wofuwofu. Chonsecho zambiri zinkajambulidwa mu situdiyo, momwe magetsi sathima ndipo mwini nyumba sabwera kudzalonjerera lendi.

Kuno kwathu, kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. N'chifukwa chake Television Malawi itatsegulidwa mu 1999, Tikuferanji adagwira mitima. Manganya, yemwe dzina lake lenileni ndi Michael Usi, ankaoneka pakhonde ndi m'misewu ya fumbi, malo omwe mlimi wa kachewere wa ku Bembeke amawadziwa. Uthenga wa Edzi unkamveka chifukwa oonera ankadziona okha.

Nkhaniyi si yachibwana. Mnyamata yemwe wakula akuona Joni wa pa kanema amadutsa pa chipata cha Dedza ndi chithunzi chimenecho m'mutu. Ambiri amakafikira m'tinyumba ta malata, zomwe kamera sionetsa kawirikawiri. Mu 2015 boma lidachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi omwe ankathawa zipolowe ku Durban.

Sewero ndi losangalatsa, inde, koma makolo oonera limodzi ndi ana aziwauza kuti khoma lokongolalo nthawi zambiri limakhala la matabwa.