Piritsi la mafupa silimwedwa ndi tiyi

Mayi akasiya kusamba, timadzi ta estrogen timachepa m'thupi ndipo mafupa amayamba kufumbwa mwakachetechete, mpaka tsiku lina wangoterereka pang'ono m'dimba ku Tsangano, dzanja kapena chiuno n'kuthyoka. Dokotala akakulemberani alendronate, piritsi la mafupa la mamiligiramu 70 lomwa kamodzi pa sabata, dziwani kuti ndi mankhwala abwino koma a malamulo. Amamwedwa m'mawa musanalawe kanthu, ndi kapu yodzaza madzi wamba, chifukwa tiyi, mkaka ndi mapiritsi a kashiamu zimawatchinga kuti asalowe m'magazi. Mukamwa, khalani tsonga kapena imirirani kwa mphindi 30. Apa ndiye pali nkhani, poti amayi athu akadzuka amangotola tsache n'kuwerama kusesa pabwalo, kapena m'nyengo ya chisanu cha ku Lizulu amabwerera pamphasa kudikira dzuwa. Piritsi likabwerera kummero limawotcha n'kusiya zilonda. Amene ali ndi vuto la impso kapena akufuna kuzulitsa dzino auze dokotala asanayambe. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi timapiritsi ta prednisolone togula pamsika ati n'tochiza nyamakazi. Ululu umazizira ndithu, koma tikamwedwa miyezi yambiri timadya mafupa omwewo. Inu amayi amene mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, musasiye ayi, koma mukapita ku chipatala cha boma ku Ntcheu funsaniko za mafupa anu. Kuti mafupa alimbe, usipa ndi matemba muzidya ndi minga yomwe, ndipo bonongwe asamasowe m'mbale.

Mnzanu wa ku Ntcheu