Pumbwa si wakuba

Anzanga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo. Dzulo pamsika wa Migowi mnyamata wina amagulitsa mbalame zokazinga, zambiri apumbwa. Kumufunsa, akuti amatha mapapaya. Eti ndi akuba!

Wakuba ndani? Pumbwa, uja wamutu wakuda, wachikasu kunsi kwa mchira, amayamba kuimba m'bandakucha ine ndisanalongedze tomato m'dengu. Zipatso amadyadi, sindikana, mapapaya anga omwe amawabowola. Koma akadya nkhuyu, njere amakazitaya kutali m'zitosi, mtengo n'kumera poti palibe anabzala. Amatolanso mbozi ndi ngumbi. Mazira amaikira awiri kapena atatu basi, ndiye mukamutchera ulimbo nyengo yoswa, tiana timafera m'chisa ndi njala.

Tayang'anani Michesi. Phiri talimeta mpala, matumba a makala akutsika tsiku ndi tsiku. Napolo wa 1991 amayi anga amamusimbabe, Freddy wa 2023 tinamuona tokha. Ndiye wobzala mitengo mosalipidwa tikumukazinga chifukwa cha papaya limodzi? Inu ogulanu ndi amene mukutuma anawa.

Wanga ndamulanda legeni, ili pansi pa benchi yanga ya tomato.