Nkhope ya Lole Yakale

Mwezi uno tikambeko za malole akale amene akali kuyenda m'midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba. Ndiwo amatinyamulira chimanga, thonje ndi nthochi kupita nazo kumsika. Ndiwonso amatenga akwaya pa tsiku la Ulimbitso, ndipo pa maliro sitiyang'ana kwina. Ena mwa iwo ndi a Bedford, amene kampani ya General Motors inaleka kuwapanga ku England mu 1986, kotero kuti chimene chathyoka pa iwo sichipezeka msanga m'sitolo.

Chimene chatidandaulitsa ndi chotchinga cha kumaso, chimene amakanika amachitcha grille. Ambiri amachiyesa chokongoletsa chabe, ndipo chikachita mbuu amachizula nkuchigulitsa kwa osungunula mapoto. Koma kuseri kwake kuli rediyeta, yomwe timipope take ndi topyapyala ngati tsamba. Kamwala kamodzi kothamangitsidwa ndi basi pa Great East Road kakhoza kuiboola, madzi onse nkutayika. Chotchingacho chikakhalaponso koma mipata yake itatsekeka ndi matope, njere za udzu ndi ziwala, mphepo siilowa, ndipo injini imawira pa zitunda za pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola, kumene wodwala amene mwanyamula sangadikire.

Poyamba dziwani chimene muli nacho m'manja. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa: akamata, ndi chitsulo wamba, ndipo chifuna penti, akakana, kawirikawiri ndi aluminiyamu, monga thupi la Land Rover zija za abambo a ku Minga. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Mpweya umamuveka kakhungu kotuwa kamene kamamuteteza, ndipo kutuwako si kuola ayi.

Masulani chotchingacho, muchitsuke ndi madzi ofunda ndi sopo. Pano amayi athu atiposa nzeru, pakuti adziwa kale kuti chidulo chimadetsa poto wa aluminiyamu. Chomwechonso phulusa ndi soda wopangira sopo zimadya chotchingachi, musaziyandikize. Waya wokwechera mapoto nayenso ngwoipa: amasiya tizitsulo timene timadzachita dzimbiri mvula ikagwa. Popindika muwongole pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, mutatsamiza pa thabwa, ndi kamtengo m'malo mwa nyundo. Moto ayi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 osayamba wafiira monga chitsulo cha khasu, ndipo wosula amene azolowera makasu amangoona dzenje latseguka.

Tsono ifika ntchito yofuna mtima, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Kwechani ndi sandipepala wonyowetsa, kuyambira wa nambala 400, kenaka 800, 1200, mpaka 2000 ngati mwampeza, dzanja likutsata mbali imodzi, osazungulira. Musalumphe nambala, chifukwa mikwingwirima ya woyamba imafafanizidwa ndi wotsatira wake yekha. Zotchinga zina anazikuta ku fakitale ndi khungu lolimba loonekera. Ngati lili bwino, lisiyeni, mungotsuka. Mukalichotsa, mwadzilemba ntchito yopukuta miyezi ingapo iliyonse.

Pomaliza pakani mankhwala owalitsira zitsulo, monga Autosol, ndi kansalu kofewa. Kansaluko kadzada bii. Musaope, ndi chizindikiro chakuti mankhwala akugwira. Pukutani ndi kena koyera, mupake phula lopukutira galimoto pamwamba.

Ntchito imeneyi iyenera anyamata a pakhomo, Loweruka masana, bambo ali pambali, osati Lamulungu pa nthawi ya Misa monga tidaonera pa mudzi wina. Musanabwezere chotchingacho, thirani madzi pa rediyeta kuchokera mbali ya injini kuti zinyalala zitulukire kutsogolo kumene zinalowera, ndipo pomanga mabawuti muikepo timphira todula ku chubu chakale, kuti chitsulo ndi aluminiyamu zisakhudzane.